GALU ADZIWIKA MAKOLO AKE, NANGA INU?

Lolani kuti mwezi uno ndikukalipireniko pang'ono, ndipo ndidzikalipirenso ine mwini.

Mlongo wanga agwira nchito yosamalira okalamba ku England. Pamene anabwera kudzaceza pa chuthi, anabwera ndi buku lalikulu la mapepala olimba limene mai wina wacikulire anampatsa monga mphatso yotsazikana. Mkati mwake munali zithunzithunzi zomata, matikiti a basi, duwa louma ndi kakalata ka mdzukulu. Pansi pa cinthu ciriconse panalembedwa tsiku, malo ndi maina a anthu. Masamba anai athunthu anali a kagalu koyera ka makutu ofiirira: pano kali m'munda, apa kagona pampando, apo kabvala kajuzi m'nyengo yacisanu. Mlongo wangayo anaonetsa bukulo ku gulu lathu la acinyamata titatuluka m'mapemphero, ndipo phwete lake linali losasimbika. Mnyamata wina anati, "Azungu asowadi zocita. Galu mpaka kumulembera buku!" Inenso ndinaseka nao.

Lero ndifuna kunena poyera kuti tinaseka molakwa. Woyenera kucita manyazi si mai uja ndi kagalu kake ai. Oyenera manyazi ndife, amene tijambulana tsiku ndi tsiku koma sitisunga kanthu, amene tidziwa maina a osewera mpira onse a ku Ulaya koma dzina la amene anabala agogo athu litisowa.

Kodi tinali kuseka ciani?

Buku lotere kwaoko alicha scrapbook, ndiye kuti buku la tizidutswa. Mwambo umenewu si wa dzulo. Mu 1873, mlembi wochuka wa ku America, Mark Twain, analembetsa ku boma buku limene anapanga, la masamba opakidwiratu zomatira, kuti anthu azimatamo tizidutswa ta nyuzipepala mosabvuta. Mu 1980, mai wina wa ku Utah, Marielen Christensen, anaonetsa mabuku a banja lake oposa 50 pa msonkhano waukulu wa zosunga mbiri ku Salt Lake City, ndipo caka cotsatira anatsegula sitolo yogulitsa zipangizo zake. Kucokera pamenepo mabanja ambiri a ku America ndi ku Britain anazolowera kukhala pa thebulo madzulo, sizasi m'manja, kusankha zithunzi ndi kulemba nkhani yake ya cithunzi ciriconse.

Kagalu kaja nako kali ndi mbiri. Mtundu wake ndi terrier. Dzinali licokera ku liu la Cilatini lakuti terra, kutanthauza nthaka, cifukwa tiagalu timeneti anatiweta kuti tizilowa m'mauna kutulutsa nkhandwe ndi kupha makoswe m'nkhokwe. Ndi agalu a nchito, monga athu a uzimba. Mtundu wochedwa Jack Russell unatenga dzina la m'busa wa Anglican wa ku Devon, John Russell, amene mu 1819, akali pa sukulu ku Oxford, anagula galu wamkazi kwa munthu wogulitsa mkaka. Taonani: papita zaka zoposa 200, koma dzina la galuyo lidziwikabe, anali Trump. Funsaninso agogo anu za galu amene anali kuoneka pa mbale za galamafoni, atachera khutu ku lipenga. Nayenso anali wa magazi a terrier, dzina lake Nipper, ndipo anafa mu 1895.

Tsono imvani cimene cinandithetsa phwete. Mu 1873 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Kennel Club, lolemba mibadwo ya agalu. Mwini galu wolembetsedwa angathe kuitanitsa cipepala coonetsa mibadwo isanu ya galu wake. Werengani nokha: obala 2, agogo 4, kenaka 8, kenaka 16, kenaka 32. Onse pamodzi ndi maina 62. Kagalu kosafika ngakhale pa bondo kali ndi maina 62 a makolo ake papepala.

Tengani pensulo tsopano lino. Lembani maina a agogo anu anai, obala atate ndi obala amai. Ngati mwatha, lembani maina asanu ndi atatu a amene anabala agogowo. Ndinayesa zimenezi ndi gulu lathu lija la oseka. Ambiri anaima pa maina atatu. Ine mwini ndinalephera kutsiriza mzere waciwiri.

"Izi nza azungu"

Ndidziwa cimene mudzayankha. Mudzati makolo athu sanali kumata mapepala, koma mbiri yao siinatayike. Nzoona, ndipo ndiwacitira ulemu. Koma tafunsani kuti anali kuisunga motani. Mwana anali kukulira m'mudzi umodzi ndi ambuye ake, amalume ndi azakhali. Madzulo pa moto anali kumva za kumene mtundu unacokera, ciwongo cao, ndi manda kumene kunagona akale. Nkhani imodzimodzi anali kuimva kambirimbiri kufikira italowa m'mutu. Buku lao linali anthu amoyo okhala pamodzi.

Kodi ife tikhalabe motero? Agogo athu anabalalika kupita ku migodi ya ku Copperbelt, ku mafamu a ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ife tinabadwira ku Matero, ku Chawama, ku Kapata kapena ku Kitwe, ndipo kumudzi tipita pa maliro cabe. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anatenga atate ndi amai ambiri asanauze ana ao kanthu. Ena a inu munaleredwa ndi acibale ndipo nkhope ya amai anu simuikumbukira. Kulamba ku Mkaika ndi Nc'wala ku Mtenguleni zisunga mbiri ya mafumu ndi ya mtundu wonse, ndipo ncabwino. Koma pa bwalo la Kulamba palibe amene adzachula dzina la ambuye anu. Imeneyo ndi nchito ya banja lanu. Moto wa madzulo unazima, ndipo m'malo mwake sitinaikemo ciriconse. Munthu wokana buku ponena kuti asunga mwambo wa makolo, pamene kwa agogo ake sapitako nkomwe kukamva nkhani, sasunga mwambo uliwonse. Angobisa ulesi.

Pa maliro a ambuye anga tinatsegula sutukesi yao yakale. Ciswe cinali citadya theka la mapepala. Pakati pa zotsala panali cithunzi ca mwamuna wobvala zausilikali, ataima ciriri. Akulu ena anati mwina ndi mmodzi wa aja anapita ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945, pamene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anafika mpaka ku Burma. Koma kodi anali mlongo wao wa ambuye? Anali atate ao? Anabwerako kapena anafera komweko? Munthu yekhayo wodziwa yankho tinali titamuika m'manda m'mawa momwemo. Kumbuyo kwa cithunzico kunalibe ngakhale cilembo cimodzi. Ine ndinali kupita kwa ambuyewo caka ndi caka kukatenga nshawa ndi maungu, osafunsako. Madzi akatayika saoleka.

"Zonse ziri m'foni"

Ena mudzati zithunzi muli nazo zikwizikwi m'foni. Cabwino. Nanga foni imene munali nayo zaka zisanu zapitazo iri kuti? Inabedwa m'minibasi, kapena inagwera m'madzi, kapena munafafaniza zonse kuti mupeze malo oikamo nyimbo. Mudzati ziri pa intaneti. Dziwani kuti mu 2019 kampani ya Myspace, imene kale inali yochuka monga Facebook, inabvomera kuti inataya nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo zimene anthu anaikapo kwa zaka zambiri, pamene inali kusamutsa zinthu m'makompyuta ake. Ndiponso mwini foni akamwalira, nambala yake yacinsinsi apita nayo kumanda.

Koma bvuto lalikulu si limenelo. Cithunzi copanda dzina ndi nkhope cabe. Foni isunga nkhope, koma siinena kuti mai wobvala citenge cobiriwirayo ndiye anagulitsa mbuzi zake kuti atate anu aphunzire. Cimene cinapangitsa buku la mai wa ku England kukhala lamtengo si zithunzi ai, koma mizere iwiri itatu yolembedwa ndi dzanja pansi pake.

"Tiribe ndalama za zimenezo"

Apa ndibvomerezana nanu theka. Kumaiko kuja mwambowu anausandutsa malonda: mapepala a maluwamaluwa, timalamba, tizomata tonyezimira, zonse zodula. Zimenezo asunge okha. Sindikuuzaninso kuti mugule kagalu ka mtengo wa ng'ombe, mukabveke juzi ndi kukagoneka pa bedi. Ndipo munthu amene adyetsa galu wake nyama pamene wanchito wake agona ndi njala, ameneyo musekeni ndithu, ndidzaseka nanu. Cimene ndifuna kuti titengere ndi cimodzi: mtima woona kuti moyo wa tsiku ndi tsiku wa banja uyenera kulembedwa. Buku lacikuto colimba, longa la manotsi a kusukulu, ndi pensulo imodzi zikwana. Mtengo wake sufika pa ndalama zimene muononga pa mabando a foni m'mwezi umodzi.

Musaganizenso kuti ndi zokondweretsa maso cabe. Pa zaka 16 mupita kukatenga reji, ndipo akufunsani mudzi, mfumu ndi boma la kwanu. Acinyamata angati a m'tauni amene ayamba kutumira foni acibale ali kale pamzere? Ku cipatala adokotala afunsa ngati m'banja mwanu munali odwala shuga, BP kapena sickle cell, pakuti matenda amenewa atsata magazi. Pa nkhani ya ukwati ankhoswe afuna kudziwa ngati awiriwo si pacibale. Pa milandu ya munda, wodziwa amene anatema mundawo ndi caka cake ndiye amvedwa. Wosadziwa kwao asowa ponena.

Yambani sabata lino

Coyamba, pitani kwa munthu wamkulu koposa onse m'banja mwanu, mutenge zithunzi zonse zakale zimene mungapeze. Khalani pansi mwaulemu, muwaonetse cimodzicimodzi, mufunse kuti uyu ndani, kunali kuti, cinali caka canji. Akaiwala caka, funsani ngati kunali ufulu wa 1964 usanafike kapena utafika. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, lembani kumbuyo kwa cithunzi ndi pensulo yofewa, mosatsindika. Bolopeni idinda pepala ndipo inki yake iloweza mpaka kumaso. Musamate ndi selotepi, cifukwa isanduka yacikasu ndi kuononga cithunzi. Musamatenso ndi phala la ufa, liitana mphemvu. Cekani timipata tinai pa tsamba ndi kulowetsamo ngondya za cithunzi, kuti mawa wina akathe kucicotsa ndi kuwerenga kumbuyo.

Cacitatu, caka ciriconse sankhani zithunzi 10 kapena 20 za m'foni, mukazitsukitse ku situdiyo. Musasankhe za maukwati ndi za magauni okha. Ikaniko amai ali pa mbaula, atate ali pa njinga, nyumba imene mukhalamo, munda wa cimanga. Zinthu zimene lero muziona monga zacabe ndizo adzukulu anu adzaziyang'anitsitsa.

Cacinai, ikanimo timapepala: kadi la ku sikelo, kadi la ubatizo, lipoti la Giredi 7, kalata ya amalume, pulogalamu ya maliro. Kumene masiku asowa, mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku mishoni angakuthandizeni. Lembani mbali zonse ziwiri, kucimuna ndi kucikazi, kaya ndinu Acewa otsata kwa amai kapena Angoni otsata kwa atate.

Cacisanu, bukulo lisungeni pamalo ouma, pamwamba, kutali ndi cipupa ca cinyontho, ndipo muzilitulutsa kawirikawiri. Buku lowerengedwa ciswe sicilipeza. Jambulani masamba ake ndi foni ndi kutumiza kwa abale, kuti nyumba ikapsa mbiri isapsere limodzi.

Ndipo ngati pakhomo panu pali galu, mupatseni tsamba nayenso. Lembani dzina lake ndi cimene anamuchulira dzinalo, pakuti maina a agalu athu nthawi zambiri abisa nkhani ya mkangano kapena dandaulo la mwini wake. Matanipo kadi lake la katemera wa ciwewe. Galu amene analonda nkhuku zanu zaka khumi anali wa pakhomopo, ndipo ana amene anakula naye adzakondwa kumuonanso. Pamenepa mai wa ku England sanalakwe.

Atsogoleri a magulu, pa msonkhano wotsatira perekani pepala kwa aliyense, alembe maina aja a makolo, muone amene afike pa 12. Amene alephere asasekedwe, koma apatsidwe mwezi umodzi wofunsira. Agogo anu akali moyo lero, ndipo adikira kuti wina awafunse. Ine ndinacedwa, ndipo msilikali uja ali m'buku langa tsamba loyamba, pansi pake palibe dzina.