Mmonke wa pa Kanema ndi Mmonke wa ku Katibunga



Kholo lililonse la ku Kanyama, ku Matero kapena ku Chawama lidziwa kumene mwana wamwamuna amapezeka akasowa pakhomo dzuwa litapendeka. Amakhala m'kacipinda kena pafupi ndi msika, mmene muli wailesi ya kanema ndi makina a PlayStation, anyamata atathithikana, aliyense kudikira nthawi yake. Ena masewera amenewa ali nawo pa foni kapena pa kompyuta ya mkulu wao. Ife akuluakulu timangoti ndi zacibwana, n'kupitirira. Komatu m'masewerawa muli anthu amene ana athu amawasirira ndi kuwatsanzira, ndipo mmodzi mwa iwo ali ndi dzina lodziwika bwino mu Mpingo wathu, dzina lakuti mmonke. Mwezi uno tiyeni timuonetsetse munthu ameneyu, mphamvu zake ndi zofooka zake, pakuti ana ambiri a m'komboni dzina la mmonke amayamba kulimvera ku masewera asanalimve ku katekisimu.

Pali mtundu wina wa masewera mmene wosewera amasankha munthu mmodzi ndi kuyenda naye ulendo wautali m'dziko la nthano, dziko la zinjoka, mizukwa ndi mafumu. Poyamba amasankha nchito ya munthu wakeyo: msilikali wovala zitsulo, wamatsenga, mbala yocenjera, wansembe wociritsa anzake, kapena mmonke. Munthuyo akapambana m'mayeso amakwera mlingo, ndipo mphamvu zake zimaonjezeka. Gwero la masewera otere ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Ankaseweredwa pa tebulo, ndi mapepala ndi pensulo. Mmonke anaonjezedwamo mu 1975. Kucokera pamenepo analowa m'masewera a pa kanema: mu Final Fantasy wa ku Japan mu 1987, mu Diablo III ndi mu World of Warcraft mu 2012, ndiponso mu Baldur's Gate 3 mu 2023.

Mmonke ameneyu sanatengedwe kwa Benedikto Woyera ai. Anatengedwa ku nyumba ya amonke acibuda ya Shaolin, m'cigawo ca Henan ku China, imene inamangidwa ca m'ma 495, ndipo makamaka anatengedwa ku mafilimu a kung fu. Azibambo amene anakulira mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akumbukira tinyumba toonetsera vidiyo, mmene ankaonera Bruce Lee mu Enter the Dragon ya 1973 ndi Jet Li mu Shaolin Temple ya 1982, potuluka n'kumaponyerana miyendo m'njira. Ana ao anadzapeza Liu Kang ndi Kung Lao, amonke a Shaolin a m'masewera omenyana a Mortal Kombat. Masiku ano kuno ku Lusaka kulinso malo a cikhalidwe ca Shaolin kumene acinyamata amaphunzira kung fu. Tsono mmonke womenya nkhonya si mlendo pakati pathu, takhala naye mibadwo iwiri.

Mphamvu zake

Mphamvu yoyamba ya mmonke wa m'masewera ndi umphawi wake. Msilikali afunika lupanga, cishango ndi malaya acitsulo, ndipo mzinda uliwonse umene afika ayenera kugula zatsopano zokwera mtengo. Mmonke amamenya ndi manja ndi mapazi. Mu Final Fantasy woyamba uja, gulu limene lili ndi mmonke limasunga ndalama zambiri, ndipo iye akakula amamenya kolimba ali cimanjamanja koposa atanyamula cida. Adani akagwira gulu lonse ndi kulilanda zida, ena onse amasowa cocita, koma mmonke sanalandidwe kanthu.

Yaciwiri ndi liwiro. Popeza sanalemedwe ndi zitsulo, amathamanga kuposa anzake, amazemba adani a kutsogolo ndi kukagwira wamatsenga amene wabisala kumbuyo. Pamene msilikali amenya kamodzi kapena kawiri, iye amamenya kangapo motsatizana. M'malamulo a Dungeons & Dragons a 2014, mmonke wa mlingo wacitatu atha kuwakha mubvi uli m'malere, wa mlingo wacinai atha kugwa kucokera pamwamba osavulala kwambiri, ndipo wa mlingo wacisanu atha kumenya mdani nkhonya yomuumitsa thupi, kuti anzake amgonjetse mosavuta.

Yacitatu ndi mtima wokhazikika. Citetezo ca mmonke cimacokera ku cangu ca thupi ndi ku nzeru. Akakwera mlingo, poizoni ndi matenda sizimgwira, ndipo atha kudzicotsa yekha mantha kapena matsenga omzunguza mutu. Olemba masewerawa anaganiza kuti munthu amene wazolowera kudziletsa ndi wovuta kumnyenga, ndipo apa sanalakwe.

Zofooka zake

Osewera ozolowera amacenjeza ongoyamba kumene kuti mmonke si wa munthu wopupuluma. Thupi lake silipirira mabala ambiri. M'malamulo omwe aja, mmonke amayamba ndi mphamvu za moyo 8, msilikali 10, ndipo cimunthu colusa ca kuthengo 12. Komabe nchito yake imamkakamiza kumenyana ndi mdani maso ndi maso, popanda malaya acitsulo. Akavala zitsulo kuti adziteteze, liwiro lake ndi luso lake zimathawa. Akazingidwa ndi adani atatu kapena anai, amagwa msanga. Mdani akakhala patali, kapena akauluka, mmonke alibe zambiri zoti acite.

Cinanso, zodabwitsa zake zonse zimadya mphamvu ya mkati imene masewera ena amaicha ki. Mphamvu imeneyi ndi yowerengeka: wa mlingo wacisanu ali nazo zisanu zokha. Wosewera wacibwana amazimwaza zonse pa nkhondo yoyamba pofuna kudzionetsa, ndipo cinjoka ceniceni cikatulukira amakhala ngati galimoto yothera mafuta pakati pa mseu. Kuti mphamvuyo ibwerere, mmonke ayenera kuima, kupuma ndi kusinkhasinkha.

Ndiponso mmonke afunika zinthu zingapo nthawi imodzi: cangu, nzeru ndi thupi lolimba. Wamatsenga atha kuika zonse pa nzeru zokha n'kukhala bwino, koma mmonke akanyalanyaza cimodzi mwa zitatuzi amatsimphina. N'cifukwa cake m'masewera ambiri amakhala wofooka poyamba, ndipo zipatso zake zimaoneka mocedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Potsiriza, m'masewera ambiri mmonke saciritsa anzake monga acitira wansembe, ndipo satha kuima kutsogolo kuchinga gulu lonse monga msilikali. Pa gulu ndi wothandiza kwambiri, koma payekha safika patali.

Amonke athu

Tsopano titembenukire kwa eni dzina. Umonke wacikhristu unabadwira mu Africa muno. Antonio Woyera wa ku Ejipito, amene anamwalira mu 356 ali ndi zaka zopitirira 100, anagawira osauka cuma cake ndi kukakhala m'cipululu. Benedikto Woyera wa ku Italy, amene anakhazikitsa nyumba ya Monte Cassino ca m'ma 529, analemba Lamulo limene amonke akali kutsata kufikira lero: kupemphera pa maora oikika, kugwira nchito ya manja, kuwerenga Malembo, kumvera mkulu wa nyumba ndi kulandira alendo. Timamkumbukira pa 11 Julaye. Kuno ku Zambia, ku Katibunga m'Dayosizi ya Mpika, kuli amonke a Benedikto amene nyumba yao inayambitsidwa mu 1987 ndi amonke a ku Hanga ku Tanzania. Mu Lusaka momwe muno tili ndi masisitere a Poor Clares, amene moyo wao wonse ndi pemphero m'kati mwa mpanda.

Tikawaika pamodzi amonke awiriwa, tipeza kuti masewera anagwira zinthu zina zoona. N'zoona kuti munthu wosalemedwa ndi katundu amayenda mwaufulu. Tikumbukire Davide m'buku loyamba la Samueli, mutu 17: mfumu Saulo anambveka zovala zake za nkhondo, koma mnyamatayo analephera kuyenda nazo, nazivula, napita kukakumana ndi Goliati ali ndi ndodo, legeni ndi miyala isanu. N'zoonanso kuti mphamvu ya mkati imatha ngati munthu saima ndi kukhala cete. Mai amene amadzuka m'mbandakuca kukapikula ndiwo ku Soweto Market, nabwera usiku ana atagona, adziwa bwino kutha kwa mphamvu kumeneku. Mulungu anatipatsa tsiku la Sabata ndi pemphero la madzulo cifukwa adziwa kuti sitili acitsulo. Ndipo n'zoona kuti mmonke payekha safika patali. Benedikto Woyera anakonda amonke okhala pamodzi pansi pa Lamulo koposa oyendayenda okha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Koma pali pamene njira ziwirizi zimasiyana, ndipo ndi pamene kholo liyenera kulankhula. Mmonke wa pa kanema amadziletsa kuti amenye kolimba. Kusala kwake, kusinkhasinkha kwake, zonse zimathera pa nkhonya. Mmonke wa ku Katibunga amadziletsa kuti akonde Mulungu ndi mnzake, ndipo adani amene alimbana nao ali mumtima mwake: kunyada, ulesi, mkwiyo ndi dyera. Wa pa kanema mphamvu amaikumba mwa iye yekha, ndipo akakwera mlingo amafika poti safunanso wina. Mkhristu mphamvu amailandira monga mphatso, ndiyo imene timaicha caulere ca Mulungu, ndipo akamakula m'pamene amazindikira kwambiri kuti popanda Mulungu sangathe kanthu. Wa pa kanema amawerenga adani amene wagwetsa. Wa m'nyumba ya mapemphero atha kukhala zaka 40 akulima, akuimba Masalimo ndi kutsuka mbale za abale ake, dzina lake osamveka kunja kwa mpanda.

Tisaiwale kuti naonso amonke acibuda masewerawa sawaonetsa monga alili. Ambiri a iwo samenya nkhonya konse, ndipo ciphunzitso cao cimaletsa kupha. Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican unatiphunzitsa mu 1965 kulemekeza zonse zoona ndi zoyera zopezeka m'zipembedzo zina. Tsono pophunzitsa ana athu kusiyana kumeneku, tisanyoze cipembedzo ca eni ake cifukwa ca cithunzi cimene amalonda anajambula.

Kwa makolo

Kodi tiwaletse ana masewera amenewa? Kuletsa kokha sikunapindulepo m'komboni, mmene kacipinda ka masewera kali kuseri kwa nyumba. Koma kungowalekerera nakonso ndi kuthawa udindo. Coyamba, tidziwe kuti si masewera onse amene ali a ana. Pa cikuto ca masewera pamalembedwa zaka za woyenera kusewera. Baldur's Gate 3 ndi wa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, cifukwa muli kukhetsa magazi ndi zamaliseche, ndipo masewera atsopano a Mortal Kombat naonso ndi a akuluakulu. Mwana wa giredi 6 alibe malo pamenepo. Ngati mwini kacipinda ndi Mkhristu mnzathu, nkhaniyi ikambidwe ku mphakati mwaulemu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Caciwiri, tifunse za ndalama ndi nthawi. Timakwaca timene mwana amalipira kuti asewere timacokera kuti? Ngati cenji ca makala ndi ca buledi cayamba kucepa, kapena ngati mwana wayamba kujomba ku sukulu, vuto lafika kale m'nyumba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kumwerekera ndi masewera otere, kufikira munthu atasiya sukulu, nchito ndi abale, ndi matenda ofunika thandizo. Tikhalenso maso cifukwa kucoka pa masewera kupita ku kubeca pa foni ndi mtunda waufupi.

Cacitatu, ndipo cacikulu, tikhale nao pansi. Atate, m'malo mokalipa muli pakhomo, funsani mwana wanu kuti amasankha munthu uti ndipo cifukwa ninji. Akakuuzani kuti amakonda mmonke, wakupatsani yekha poyambira. Mfunseni kuti mmonke wake amatani mphamvu ikatha. Adzayankha kuti amaima ndi kupuma. Mfunseni cimene cimacitika mmonke akathamangira yekha pakati pa adani, kusiya anzake. Adzayankha kuti amafa. Mwana amene wayankha motero wamvetsa kale cifukwa cake pakhomo pali nthawi yozimitsa kanema, nthawi ya homuweki, ndi nthawi yakuti banja lonse likhale pamodzi pa Korona. Pamenepo muuzeni za Antonio, za Benedikto ndi za amonke a ku Mpika.

Muuzeninso za Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anabadwa mu 1991 namwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamlengeza kukhala woyera pa 7 Sepitembala 2025. Carlo ankakonda kompyuta ndi masewera a pa kanema monga ana athu omwewa, koma anadziikira yekha malire a ola limodzi pa mlungu, ndipo luso lake analigwiritsa nchito pofalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Iye sanakhale mmonke, koma anagwira cimene amonke amaphunzitsa, ndico kukhala mbuye wa zilakolako zako.

Kuongola mtengo m'poyamba. Pakati pa anyamata amene athithikana m'tizipinda ta ku George, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga pali azibambo a mawa, akatekisiti, ndipo mwina ansembe ndi amonke. Tiwapempherere, tiwamvere, ndipo tiwaonetse kudziletsa m'moyo wathu ife eni, pakuti atate amene amathera malipiro ku bala sangaphunzitse mwana kuzimitsa kanema. Benedikto Woyera ndi Carlo Acutis Woyera atipempherere. Tidzakumananso mwezi wa mawa, Mulungu akalola.