ZA M'NYUMBA MWATHU: Mawanga pa Kanema ndi Maginito a m'Sipika



Mwezi uno ndifuna kucheza nanu za chinthu chosaoneka ndi maso, chimene chadanitsa anthu m'nyumba zambiri ndi kutayitsa ndalama pachabe. Dzina lache ndi maginito. Nkhaniyi inandipeza motere.

Mwana wa mlongo wanga agwira nchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ku Area 10, kumene nyumba ziri zotalikirana, zobisika m'mipanda ndi m'mitengo. Abwana ache atagula kanema watsopano wopyapyala wopachika pa khoma, anampatsa iye wakale uja, wa chimsana chachikulu ngati mtsuko. Mnyamatayo anakondwa ndithu. Anatsikira ku msika wa ku Old Town, nagula masipika awiri akulu okhomedwa ndi matabwa, natumiza zonse kwa mai wache, amene akhala pafupi ndi sitolo pamene pafika magetsi. Mlamu wanga anaimika kanemayo pa tebulo, sipika imodzi uku, ina uku, zogundana naye, kuti zioneke bwino kwa alendo.

Atangomuyatsa, taonani, pa ngodya pali mawanga. Nkhope ya woulutsa nkhani inali yobiriwira mbali yina, udzu wa pa bwalo la mpira unali wofiirira. Mlamu wanga anati mwana wamkazi wa m'nyumbamo waononga galasi popukuta ndi nsaru yonyowa, namkalipira kolimba mpaka mwanayo anagona osadya. Mnansi wina anati abwana aja anapereka chinthu chakufa kale. Winanso ananong'ona kuti nyumbayo yalodzedwa ndi anthu a nsanje.

Ine nditamva zimenezi ndinakumbuka mau a makolo akuti safunsa anadya phula. Popita ku Lilongwe ndinapatukira kwa mmisiri wina wokonza mawailesi ku Old Town, cha ku mseu wa Malangalanga. Asanamve zambiri anandifunsa kuti, "Kodi abambo, pambali pa kanemayo paima chiani?" Nditayankha kuti masipika, anaseka nati, "Mlandu watha. Pitani mukawasunthe."

Tsono tiyeni tione chifukwa chache, pakuti kudziwa mankhwala osadziwa nthenda sikuthandiza mawa.

M'sipika muli zinthu zitatu: chipepala cholimba chonga mbale, kawaya kokulungidwa kawiri kawiri kumbuyo kwa chipepalacho, ndi maginito olemera. Magetsi akapita m'kawayako, iko kakankhana ndi kukokana ndi maginito, chipepala chinjenjemera, ndipo ife timva mau. Munthu wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, ndiye anaona m'chaka cha 1820 kuti magetsi ndi maginito ziri pa chibale, pamene waya wa magetsi unapotoza singano ya kampasi. Sipika ya mtundu umene tiri nawo lero anaikonza Chester Rice ndi Edward Kellogg ku America m'chaka cha 1925. Sipika ikakhala yaikulu, maginito achenso akula, ndipo mphamvu yao sikhala m'bokosi mokha iai. Ipyola matabwa ndi kufalikira kunja. Kumbukani kuti maginitowa sagona: ngakhale wailesi iri yozima, iwo ali maso usana ndi usiku.

Nanga kanema wa chimsana uja? Iye ndi botolo lalikulu la galasi lochotsedwa mpweya, limene chiyambi chache anachipeza Mjeremani, Karl Ferdinand Braun, m'chaka cha 1897. Ku khosi kwa botololi kuli timfuti titatu toponya timbewu ta magetsi, timene ophunzira atitcha maelekitironi. Kutsogolo, mkati mwa galasi, mwapakidwa timadontho tosawerengeka ta mitundu itatu: tofiira, tobiriwira ndi ta buluu. Kamfuti kali konse kayenera kulasa timadontho ta mtundu wache wokha. Chifukwa chache amisiri anaika pakati chitsulo chopyapyala chobooka timabowo tambirimbiri, ngati sefa yosefera ufa, kuti chiongole timbewu tija. Makanema a mitundu opangidwa motero anayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1954.

Maginito akayandikira, apinda njira ya timbewuto. Kupindako nkwa pang'ono kweni kweni, koma nkokwanira kuti kambewu kolinga kofiira kagwere pa kobiriwira. Apo ndi pamene nkhope ya munthu isanduka ngati tsamba la fodya. Palinso china. Mukakhuza singano pa maginito, singanoyo iyamba kutola zinzache. Chimodzimodzi sefa yachitsulo ija: ikakhala masiku pafupi ndi sipika, itenga maginito, kotero kuti mawanga atsala ngakhale sipikayo mwaichotsa. Ndicho chake ambiri ataya mtima msanga, nati kanema wafa, pamene iye wangodwala chimfine.

Kodi opanga masipika sanadziwe zobvuta izi? Anadziwa, napeza njira. Maginito satsekeka ndi thabwa, nsaru, katoni kapena njerwa. Ngakhale mbale ya aluminiyamu siwaletsa. Koma angathe kupatutsidwa, monga ife tikumba ngalande kuti madzi a mvula azungulire nyumba osalowamo. Ngalande ya maginito ndi chitsulo. Amisiri amata maginito achiwiri kumbuyo kwa oyamba, motembenuza, kuti mphamvu zao zothawira kunja zithetsane ngati amuna awiri okokana chingwe. Pamwamba pache abvundikira chikho chachitsulo, ndipo mphamvu yotsala iyenda m'chikhomo osatulukira kutali. Sipika yotere pa bokosi lache alemba m'Chingerezi kuti magnetically shielded. Timasipika ta pa kompyuta ndi masipika oika pamwamba pa kanema ndiwo anali kupangidwa motero kawiri kawiri. Koma masipika akulu a pa ukwati, kapena okhomedwa ndi akalipentala ndi zotsala za m'galimoto, alibe chotchinga chiri chonse.

Mwina wina afunsa: bwanji makolo athu sanaone zimenezi? Kwathu kuno kanema anachedwa kufika. Lilongwe anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, koma panapita zaka 24 kufikira Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Kale lomwe opeza bwino okha ndiwo anali kuonera matepi a vidiyo m'nyumba zao. Lero zinthu zatembenuka. Nyumba za ku Area 10, Area 43 ndi Area 47, pamodzi ndi maofesi a ku City Centre, zadzaza ndi makanema opyapyala. Iwowa alibe timfuti, alibe sefa yachitsulo, ndipo maginito a m'sipika sawasintha mtundu. Chifukwa chache opanga masipika ambiri aleka kuika chotchinga chija. Koma makanema akale sanafe onse. Atsikira kwa anchito, ku misika, ku nyumba zoonetsera vidiyo ndi ku midzi kwathu, kumene agwirabe nchito ndi kabokosi ka dikoda. Motero kanema wa dzulo akomana ndi sipika ya lero m'nyumba ya munthu wosauka, amene alibe ndalama zogulira wina.

Tsono gwirani malangizo awa.

Choyamba, talikitsani. Mphamvu ya maginito ichepa msanga ndi mtunda: mukawirikiza mtunda kawiri, itsala ngati gawo limodzi mwa magawo 8. Mita imodzi, ndiko kuti mapazi 3 ndi pang'ono, ikwanira kwa masipika ambiri. Zikulu zikulu zija muzikhazike pansi, kutali ndithu.

Chachiwiri, yesani musanagule. Mangani msomali ku ulusi, muulendeweze pafupi ndi mbali ndi kumbuyo kwa bokosi la sipika. Ukathamangira ku thabwa, dziwani kuti chotchinga palibe.

Chachitatu, mawanga akabwera, musafulumire kupereka ndalama. Makanema a mitundu ali ndi sing'anga wao mkati: waya wozungulira galasi, umene ufafaniza maginito a m'sefa nthawi yoyatsa. Kulira kuja mumva poyamba, kwakuti buu, ndi waya umenewo. Koma ugwira nchito pokha pokha kanema atazizira. Chotsani masipika, zulani chingwe ku khoma, dikirani mphindi 30, muyatsenso. Bwerezani katatu kapena kanai. Akakanika, mmisiri ali ndi waya wamkulu wa m'manja wochita zomwezo, ndipo nchitoyo sitenga nthawi.

Chachinai, musayese kuchotsa mawanga ndi maginito ena pozunguza pa galasi, monga achita anyamata ena. Muonjezera nthenda.

Chachisanu, ndipo ichi ndichikulu: musatsegule chimsana cha kanema. Magetsi a ku khoma ndi a mavoti 230, koma mkatimo akwera kufika ngati 25,000, ndipo ena atsalira m'botolo ngakhale chingwe chazulidwa. Kanema agulidwa, moyo sugulidwa.

Dziwaninso kuti dziko lapansi lomweli ndi maginito akulu, ndiwo aongola singano ya kampasi. Mukatembenuza kanema ali chiyakire, mungaone mawanga pang'ono. Mankhwala ache ndi omwe aja a kuzimitsa ndi kudikira. Matepi a nyimbo ndi a vidiyo nawonso musawasanjike pa sipika, pakuti mau ache analembedwa ndi maginito, ndipo maginito angathe kuwafafaniza.

Nditabwerera kwa mlongo wanga tinasuntha masipika aja, tinazimitsa, tinakhala pa khonde kudya chimanga chootcha. Kuyatsa koyamba mawanga anachepa. Kwachitatu nkhope zinabwerera mwakale, osalipira ngakhale tambala. Mlamu wanga anakhala chete nthawi yaitali. Pambuyo pache anaitana mwana uja pamaso pa onse, nati, "Mwana wanga, ndinakulakwira." Kwa ine mau amenewo anaposa kuchira kwa kanema, popeza mawanga a pa galasi achoka ndi theka la ora, koma a mumtima mwa mwana wonamiziridwa akhalitsa zaka. Chinthu chikaonongeka m'nyumba, tiyambe tayang'ana chimene chaima pambali pache tisanaloze munthu chala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwezi wa mawa, tikakhala ndi moyo, tidzacheza za kasamalidwe ka batire ya sola. Tsalani bwino nonse.

Ine mbale wanu,
Mphunzitsi