KODI MARS ANGASANDUKE MUDZI WA ANTHU?

M'caka ca 1964, pamene Zambia inali kulandira ufulu wace, mphunzitsi wina dzina lace Edward Makuka Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata pa famu ina kunja kwa Lusaka, nawauza kuti adzapita ku mwezi, ndipo pambuyo pace ku Mars. Powaphunzitsa ankawalowetsa mumgolo wa mafuta ndi kuwagubuduza potsetsereka, kuti azolowere cizungulire ca paulendo. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7,000,000, koma sanalandire ngakhale kobiri limodzi. Anthu ambiri anamseka. Kuseka kumeneko kunapitirira muyeso, pakuti munthu wofuna kudziwa za kumwamba salakwa. Ndipo lero alipo anthu olemera ku America olankhula zazikulu zoposa za Nkoloso, koma iwo sasekedwa. Iwo ati Mars angathe kufunditsidwa ndi kubzalidwa mitengo, kufikira anthu atamangako midzi. Mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino asanakhulupiridwe.

Mars ndi dziko lofiira, louma ndi lozizira koposa. M'caka ca 1965 combo cochedwa Mariner 4 cinapita pafupi nalo, nicitumiza zithunzi za nthaka ya maenje okhaokha, yopanda mtengo kapena mtsinje. Mpweya wace ndi wocepa ndithu, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wa pa dziko lino, ndipo pafupifupi wonsewo uli wa mtundu uja umene munthu amaturutsa popuma. Madzi aliko, koma ndi ouma gwa cifukwa ca cisanu. Kuyambira 2021 kufikira 2023 makina ang'ono amene anapita ndi galimoto ya Perseverance anayesa kupanga mpweya wabwino kumeneko. Anapangadi, ndipo imeneyo ndi nzeru yoyenera kuyamikidwa. Koma wonse pamodzi unakwana magalamu 122, wosakwanira munthu mmodzi tsiku lathunthu.

Tsono wofuna kudziwa kubvuta kwa kukonza malo okhalamo asapite kutali, ayang'ane Lusaka yemweyu. Boma linasankha malo ano m'caka ca 1931, ndipo likulu linasamuka ku Livingstone kudza kuno mu 1935. Panali pa cidikha ca mphepo ndi pfumbi, ndipo nthawi ya dzinja madzi ankaima pa miyala ya laimu. Mitengo yaikulu imene ipatsa mthunzi ku Kabulonga ndi ku Woodlands, yambiri inacita kubzalidwa ndi manja ndi kuthiriridwa, ndipo inakula pang'onopang'ono pa zaka zambiri. Komatu kuno mpweya unalipo kale waulere, mvula inali kugwa yokha, ndi dzuwa linali kufunditsa nthaka popanda wolilipira. Ku Mars zonsezi ziyenera kupangidwa ndi munthu.

Cifukwa cace kuphunzira za Mars ndi kwabwino, ndipo mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone wokonda masamu asaletsedwe. Koma alakwa amene aganiza kuti dziko lino likaonongeka anthu adzangosamuka, monga banja lisiya munda woguga ndi kukatema wina. Nchito ya Lusaka yomwe siinathe. Madzi ambiri a mzindawu acita kupopedwa kucokera ku mtsinje wa Kafue, ndipo safika m'makomboni onse. Mu January 2024 kolera inafala kotero kuti odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes, ndipo sukulu za m'dziko lonse sizinatsegulidwe kufikira mwezi wa February.