Kudziwa chizungu si kuphunzitsa chizungu

Asisi, lero tikambeko za kosi yomwe ambiri timainyoza. Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, umamva wina akudandaula kuti, "Aa, ine andiponyera ku Education basi," ngati wagwa m'dzenje. Ukanena kuti ukufuna kudzaphunzitsa English ku sekondale, ena amakufunsa kuti, "Zaka 4 zonsezo ukaphunzira chiyani, poti chizungu umachitha kale?"

Funso limeneli limanditopetsa, ndiye ndiliyankhe.

Kuti ulowe pakhomo pafunika MSCE ya makirediti 6, English ikhalepo. Ukatero pali digiri ya zaka 4 ku Chanco kapena ku Mzuni, palinso dipuloma ku Domasi College of Education. Mkatimo umaphunzira zinthu zitatu. Choyamba ndi chiyankhulocho, galamala yake ndi katchulidwe ka mawu. Chachiwiri ndi Literature: ndakatulo, masewero ndi nthano zolembedwa. Chachitatu ndi uphunzitsi weniweni: mmene mwana amaphunzirira, kukonza lesson plan, kulemba mayeso ndi kuchonga. Kenako umapita ku teaching practice, kukaima pamaso pa ana enieni, alekichala atakhala kumbuyo akulemba zomwe ukulakwitsa. Ukamaliza umalembetsa ku Teachers Council of Malawi, bungwe lomwe limapereka chiphaso cha uphunzitsi.

Zachuluka, eti? Taganizani mwana wa Fomu 1 amene amasokoneza "he" ndi "she". Munthu wongodziwa chizungu amamuseka kapena kumukalipira. Amene anadutsa m'makosi aja amadziwa kuti mwanayu si mbuli: m'Chichewa iye ndi iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Amadziwanso chifukwa chake "l" ndi "r" zimatisakanikira pakamwa, komanso chifukwa chake timawonjezera kamawu kumapeto mpaka "book" nkukhala buku. Ukadziwa gwero la vuto, umadziwa pogwira.

Ndipo apa si pamasewera. Ukalephera English, satifiketi ya MSCE sumaiona. Mtsikana wa pa CDSS akhoza kukhoza bwino Biology ndi masamu, koma akapeza 9 pa English, unamwino womwe amaulota uja wathera pomwepo. Tsogolo lake lili m'manja mwa munthu amene wagwira choko uja.

Ndikudziwa, ena amati aphunzitsi ndi ochepa, ndiye tisamavute, aliyense wachizungu chabwino alowe m'kalasi. Ine ndikukana. Kufewetsa zofunika sikupweteka ana a m'masukulu odula a m'tauni. Kumapweteka ana akumudzi, omwe alibe laibulale ngakhale ndalama ya part-time. Chofunika ndi kuthandiza aphunzitsi omwe ali kale m'ma CDSS kuti akweze maphunziro kudzera mu ODL, komanso kuonetsetsa kuti wophunzira wa teaching practice asamagone ndi njala kapena kusowa nyumba yotetezeka kumalo komwe wamutumiza.

Ndiye iwe mng'ono wanga amene wasankhidwa ku Education, dzutsa mutu. Makosi a methods usamawatenge ngati ongodutsa, ndiwo adzakupulumutse tsiku loyamba kalasi yonse ikadzakhala chete, maso onse ali pa iwe.

Kwa nonse: ndani anakuphunzitsani English mpaka munaimva? Anachita chiyani chomwe ena sankachita? Tiuzeni.