Nthochi Zikubereka ku Cornwall

Ana athu obadwira kuno amangodziwa nthochi ya m'sitolo, mtengo wake sanauonepo. Tiyeni tiwatengereko ku Eden Project ku Cornwall, malo omwe anatsegulidwa mu 2001 m'chidzenje chomwe kale ankakumbamo dongo loyera. Kumeneko kuli zinyumba zooneka ngati thovu la sopo, zomwe mapulani ake anajambula ndi kampani ya Nicholas Grimshaw. Anazifolera ndi pulasitiki wopepuka m'malo mwa galasi. Dzuwa limalowa koma kutentha sikutuluka msanga, choncho nthochi, nzimbe ndi khofi zimakula bwinobwino ngakhale kunja kuzizire.

Kwathu tinkamanga nyumba pamthunzi wa mtengo, kuno mtengo ndiwo amaumangira nyumba. Mwana akakafunsa chifukwa chake, tikayambire pomwepo kumuuza zakumudzi.