Galimoto Ikayamba Kubuula, Tcherani Khutu

Gawo Lachiŵiri

Sabata yatha tidakambirana za matayala ofwifwa. Lero tikambirane za kachitsulo kobisika m'kati mwa gudumu, kamene amakaniko amakatcha bering'i, ndiponso za mkhalidwe wathu woipa wakuti galimoto ikayamba kubuula ife timangokweza wailesi.

Kuno ku Zolozolo malume anga ali ndi galimoto yakale, yamsinkhu, yokoka ndi magudumu onse anayi. Mvula ya chaka chatha itakata, galimotoyo idayamba kulira ngati njuchi m'mng'oma. Iwo adagula matayala aŵiri atsopano poganiza kuti nthenda ili pamenepo, koma kulirako sikudaleke. Nditaŵafunsa adaseka, nati, "Aphunzitsi, nkhalamba iliyonse imabuula. Inu samalani za choko, za galimoto mutisiyire ife." Patapita masabata atatu kudagwa maliro ku Nkhata Bay, ndipo tidayenera kutsika kunyanja anthu asanu ndi aŵiri. Ine ndidakanitsitsa kukwera galimotoyo isanaonedwe. Makaniko wina wachikulire adaikweza pa jeke, nagwedeza gudumu lakutsogolo lakumanja. Lidagwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Atamasula, tidapeza kuti m'malo mwa girizi mudali phala la matope ndi dzimbiri. Malume adangogwira pakamwa.

Kodi bering'i n'chiyani? Ndi mphete ziŵiri zachitsulo, ina m'kati mwa inzake, ndipo pakati pake pamagubuduka timipira kapena timigolo tachitsulo tosambira mu girizi. Ndiyo imene imalola gudumu kuzungulira momasuka chikhalirecho litasenza galimoto yonse. Magalimoto ambiri akale a mtundu uwu ali ndi bering'i ya timigolo tochepera mbali imodzi, imene Henry Timken wa ku America adailembetsa kuboma m'chaka cha 1898. Ubwino wake ngwakuti munthu angathe kuimasula, kuitsuka, kuipaka girizi watsopano ndi kuimanga pa muyeso wake. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi yomata, imene ikatha imangofunika kusintha.

Mabering'i athu kuno amatha msanga pa zifukwa zodziŵika. Ma Pajero, ma Prado ndi ma Hilux Surf amene timaŵaona m'tauni muno, ambiri adabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe atayenda kale mtunda wautali. Tsono adadzapeza mvula ya ku Mzuzu, imene imagwabe mpaka mu Epulo anzathu akumwera atayamba kukolola, ndi misewu yathu yafumbi imene dzinja imasanduka zithaphwi. Gudumu lotentha likaloŵa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo ngati kamphira kotchinga kaja katha, madzi ndi mchenga zimakokeredwa m'kati. Girizi amasukuluka, chitsulo chimayamba kukhula chitsulo chinzake. Onjezanipo maenje a mumsewu, matumba a chimanga ndi matabwa opitirira muyeso, ndiye mwamvetsa chifukwa chake.

Mfundo yanga nayi: phokoso lachilendo pa galimoto ndi chenjezo, ndipo liyenera kufufuzidwa mwadongosolo munthu asanatulutse ndalama ndiponso asananyamule anthu. Kufufuzako sikulira digiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, pezani msewu wosalala, wathyathyathya, wopanda anthu ambiri. Kulira kwa bering'i kumakula pamodzi ndi liŵiro la galimoto, osati ndi kulira kwa injini. Pondani kilatchi pang'ono galimoto ikuyenda: injini idzatsitsa mau, koma ngati kubuulako kukupitirira chimodzimodzi, injini ilibe mlandu.

Chachiŵiri, chotsani matayala pa mlanduwo. Phokoso la tayala limasintha mukachoka pa phula losalala kupita pa lokhakhala, pamene la bering'i silisamala za msewu. Sisitani tayala ndi dzanja. Ngati ladyeka mokumbikakumbika, lisinthanitseni ndi lakumbuyo, mumve ngati phokoso lasamuka nalo. Malume akadachita zimenezi sakadagula matayala aŵiri pachabe.

Chachitatu, pa liŵiro lochepa, khotetsani chiongolero pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja. Mukakhotera kumanzere, kulemera kwa galimoto kumatsamira kumanja. Tsono ngati kulira kukukula pokhotera kumanzere, kaŵirikaŵiri wodwala ndi bering'i yakumanja, ndipo kukakula pokhotera kumanja, kayikirani yakumanzere.

Chachinayi, dziŵani mau a zitsulo zina kuti musanamizire wosalakwa. Difu imasintha kulira kwake mukaponda mafuta ndi pamene mwachotsa phazi. Mfundo ya ekiselo yakutsogolo, imene amaitcha CV, imalira kuti tha! tha! tha! pokhota kwambiri. Mabuleki odyeka amakwecha, ndipo mau ake amasintha mukaŵaponda.

Chachisanu, kwezani galimoto pamalo olimba, muichirikize ndi chitsulo kapena chipika, pakuti jeke yokha siyodalirika. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likagwedera, mnzanu aponde buleki. Kugwederako kukaleka, ndi bering'i, koma kukapitirira, yang'anani mfundo zogwira mwendo wa gudumu. Kenaka lizungulitseni ndi dzanja, dzanja linalo lili pa sipuling'i. Bering'i yabwino imayenda mwakachetechete, yakutha imanjenjemeretsa chitsulo ngati mphero ya mwala. Mukafika paulendo, yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse mosamala: limene latentha kuposa anzake lili ndi nkhani, ngakhale kuti buleki yogwira nayonso imatenthetsa.

Wina adzati, "Mphunzitsi uyu sadziŵa kuti ndalama zikusoŵa. Galimoto yakale imalira paliponse, kodi tizithamangira ku galaji tsiku lililonse?" Ndikumva, pakuti nanenso malipiro anga safika pa 20. Komatu mayeso asanu ndatchulaŵa salira tambala. Chimene chimadya ndalama ndicho kugula zitsulo mongoganizira, ndiponso kuchedwa. Bering'i ikanyalanyazidwa imatentha mpaka kuotcherana ndi chitsulo chimene imakhalapo, ndipo mwini wake amagula zitsulo zitatu m'malo mwa chimodzi. Zengerezu adalinda kwaŵukwaŵu.

Ndipo ndalama si nkhani yaikulu. Gudumu logwedera limakankhira mabuleki kumbuyo, kotero kuti phazi limayamba lamira buleki isanagwire. Likafika poipitsitsa limauma mwadzidzidzi kapena kuguluka kumene. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo pa mtunda umenewu msewu umatsika mamita oposa 700. Amene adatsikapo mapiri a Chiŵeta pa msewu wa M1 popita ku Karonga akudziŵa kuti kumeneko munthu sayesera mwayi. Chiphaso cha COF chomata pa galasi chimanena za tsiku limene galimoto idayesedwa. Za matope a mwezi watha sichidziŵa.

Mukapita kwa makaniko, funsani mafunso mwaulemu koma mosaopa. Asinthe mphete zonse ziŵiri pamodzi ndi kamphira kotchinga. Asamenye bering'i yatsopano ndi hamala pa timigolo take, pakuti imavulala isanayende. Nati asaimange mopitirira kapena moperewera, chifukwa yothina imatenthetsa ndipo yolekera imagwedeza. Pomaliza pemphani kuona chitsulo chakalecho ndi maso anu.

Tsopano ndilankhule nanu, aphunzitsi anzanga. Chaka ndi chaka timalemba pa bolodi za kukhulana kwa zinthu ndi kutentha kumene kumabala, ana naloŵeza, nakhoza mayeso, naiŵala. Makaniko wachikulire uja sadafike Fomu 2, koma adachita zimene ife timangozinena: adamvetsera, adaganizira, adayesa chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo adachotsa chosalakwa mpaka cholakwa chidatsala chokha. Ine wa ku yunivesite ndidaima pambali pake ngati mwana wa Sitandade 1. Pemphani bering'i yakutha ku galaji, muiike m'manja mwa ana pamodzi ndi yatsopano. Phunziro limenelo sadzaliiŵala.

Inunso amene mwangolemba MSCE, musayese ntchito ya ovolosi ngati chilango cha olephera. Mzuzu Technical College ili pakhomo pathu pompano, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndilo limayang'anira maphunziro otere. Malaŵi ali ndi madalaivala ambiri odziŵa kuponda mafuta, koma akusoŵa anyamata ndi atsikana odziŵa kumvetsera. Kaya mudzakhala pa chiongolero kaya pa mpando wa wokwera, mukamva kubuula nenani, ngakhale mwini galimoto akhale malume anu.

Ku maliro kuja tidafika mochedwa ndi maola atatu, ndipo akuluakulu adatidzudzula. Tidapepesa, tidakhala pansi tonse asanu ndi aŵiri.

Sabata yamaŵa, Mulungu akalola, tidzakambirana za mabuleki.