Mthunzi ulowe m'mapulani a mzinda wa Tete

Aliyense amene anadikirapo chapa (minibasi) ku Matundo masana a mwezi wa Novembala amadziwa kuti dzuwa la kuno si lamasewera. Kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo anthu amapanikizana pansi pa kamtengo kamodzi kapena pakhonde la sitolo. Ine ndinakulira ku Ulongwe, kumene mwezi wa Juni munthu sagona wopanda bulangete, koma moyo wanga wa ntchito uli mumzinda uno. Ndikunena motsimikiza kuti kwa anthu a ku Tete mthunzi ndi wofunika monga madzi a m'mipope ndi magetsi, ndipo khonsolo ya mzinda iyenera kuuika m'mapulani ndi m'bajeti yake.

Mzindawu wakula mothamanga. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000, koma pofika 2017 tinali titadutsa 300,000. Malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, anakoka anthu ofuna ntchito ndi malonda, nyumba n'kufalikira ku Chingodzi, ku Matundo ndi ku Mpadue. Munthu akapeza puloti amayamba wagwetsa mitengo yonse, kenako amamanga mpanda wa mabuloko n'kuthira simenti bwalo lonse pothawa fumbi. Simentiyo pamodzi ndi malata zimamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalavula kutenthako usiku, n'chifukwa chake mabanja ambiri amayala mphasa panja. Amene ali ndi ndalama amagula makina oziziritsa m'nyumba. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kwachena, mwana woyenda wapansi kupita kusukulu ndi mnyamata wonyamula anthu panjinga yamoto alibe kothawira.

Choyamba chimene ndikupempha n'chakuti akatswiri oyeza malo asamalembe misewu ndi mapuloti okha. Asanakhome zikhomo, aziyamba awerenga mitengo imene ilipo. Mlambe, bwemba ndi msau ndi mitengo yozolowera dera lathu la mvula yochepa, ndipo imatipatsa malambe, bwemba ndi masau amene amayi amagulitsa m'misika. Mtengo waukulu umodzi ukagwa, ngakhale mutabzala mbande zambirimbiri mthunzi wake subwerera msanga. Chilolezo chomangira nyumba chizinena kuti mbali ina ya bwalo ikhale yadothi, ndiponso kuti pakhale mitengo iwiri kapena itatu. Bairo (dera la mumzinda) iliyonse yatsopano isiyiridwe bwalo lamitengo loti ana azisewerapo, akulu azikambiranapo, ndipo malowo asadzagulitsidwe.

Chachiwiri, tisankhe bwino pobzala. Tiyambire njira zimene osauka amayendamo wapansi: zopita kusukulu, kuchipatala, kumsika ndi poimikira machapa. Maluwa a pakati pa msewu amakongoletsa, koma sateteza munthu ku dzuwa.

Chachitatu ndiye chovuta. Kubzala n'kosavuta, ntchito ili pa kulera. Mbuzi za ku Tete, zimene nyama yake imatchuka dziko lonse, sizisiya kamtengo kopanda chitetezo, ndipo chilimwe chathu chimatenga miyezi yambiri. Mitengo ya nimu imene ili pakhomo panga inakula chifukwa ndinaitchingira ndi minga ya msau ndi kuithirira madzi otsukira mbale ndi osamba. Madzi amenewa nyumba iliyonse imawataya tsiku ndi tsiku. Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, khonsolo inayamba mu 2020 ntchito yobzala mitengo momwe anthu a m'madera amalipidwa chifukwa chosamalira mbande, ndipo amaijambula pafoni kusonyeza kuti ikadali moyo. Nafenso tingachite zotere kudzera mwa masekeretale a mabairo ndi mafumu a nyumba khumikhumi. Achinyamata osowa ntchito alipo ochuluka. Azilipidwa potengera mitengo imene yapulumuka chilimwe. Makampani amene amapindula ndi malasha, omwe magalimoto awo akuluakulu amadutsa m'misewu yathu, ayenera kuthirapo ndalama.

Chachinayi, tilemekeze njira za madzi. Chigwa cha Nhartanda, chimene chimadutsa mkati mwa mzinda, chili ndi zitsime zimene mumapopedwa madzi athu akumwa, ndiponso madimba amene amatidyetsa ndiwo zamasamba. Nyumba, zimbudzi ndi zinyalala zikamayandikira chigwachi, tikudziipitsira tokha madzi. Mtsinje wa Revúbuè nawo unatichenjeza kale. Unasefukira mu Malichi 2019 n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wapanjira yopita ku Moatize, miyoyo n'kutayika. M'mbali mwa mitsinje musamangidwe nyumba. Mukhale mitengo, bango, madimba ndi mabwalo a mpira, zinthu zimene madzi angadutsemo n'kuphwa popanda maliro. Koma mabanja amene anamanga kale kumeneko asangothamangitsidwa. Apatsidwe malo abwino okhala ndi madzi, sukulu ndi msewu.

Ena adzati mzinda uli ndi mavuto aakulu kuposa mitengo: maenje m'misewu, ngalande, zinyalala. N'zoona, koma zimenezi sizilimbana. Msewu ukamakonzedwa ndi nthawi yabwino yosiya malo a mtengo ndi ngalande, ndipo kutero n'kotchipa kusiyana ndi kudzaswa simenti pambuyo pake. Ena amaopa mizu kuti ing'amba maziko. Yankho lake ndi kusankha mtundu woyenera ndi kubzala patali pang'ono ndi khoma.

Mvula isanayambe chaka chino, khonsolo itiuze poyera misewu imene ibzalemo, ndalama zimene yapatula ndi amene azithirira. Ife eni mabairo tikafunse zimenezi pamisonkhano yathu, ndipo aliyense wa ife akumbe dzenje kutsogolo kwa mpanda wake, kumbali ya msewu, kuti mthunziwo udzafikire ndi wodutsa yemwe.